Makomo Atatu ndi Kamtengo ka Pamkono

Mwamuna wanga sakudziwa kuti kwa chaka ndi theka ndinkagona pambali pake ndili ndi kamtengo kolerera mkati mwa mkono wanga wamanzere. Apongozi anga sakudziwa. Amayi anga ondibereka, ku Namwera uko, nawonso sakudziwa. Odziwa ndi anamwino awiri basi, ndi inu amene mukuwerenga tsopano. Ndikulemba masana ano mwini nyumba ali ku msika, mwana akusewera kwa aneba.

Kuchipatala amati impulanti. Azimayi pa sikelo amangoti ya pamkono. Ndi kanthu kotalika ngati mtengo wa machesi, amakalowetsa pansi pa khungu chakumtunda kwa chigongono, mbali yoyang'ana kunthiti. Ukadina ndi chala umakamva. Osadina sungadziwe.

Ndiyambe ndi mmene kanalowera, kuti musandiweruze musanamve.

Mwana wanga wamkazi anabadwa pa opaleshoni. Matenda anandigwira masiku awiri mwana osatsika, moti pomwe ankandithamangitsira ku fiyeta ndinali nditasiya kale kukuwa. Nditatsitsimuka anandiuza kuti chiberekero chinayamba kung'ambika, anachita kusoka, ndipo magazi amene ankayenda m'thupi mwanga anali a munthu wina amene sindidzamudziwa. Mwanayo naye anakhala masiku awiri akupumira makina. Namwino wina wachikulire, potsuka chilonda changa, analankhula mosazungulira: "Mayi, chilonda cha kunjachi chipola msanga, chisakunamizeni. Cha mkati chimachedwa. Zaka zitatu zisanathe musatengenso pakati. Mukatenga, mwina sitidzakupezani."

Nthawi imeneyo bambo a mwanayu anali ku Joni, monga amuna ambiri a kuno. Ankagwira ntchito pa famu ina, kupopera mankhwala m'mitengo ya zipatso. Ndinawaimbira foni ndili pa bedi la chipatala. Analira, mwamuna wamkulu, kulira kwenikweni. Kenaka anati, "Ameneyu ndi woyamba chabe. Ndikabwera timupezere ang'ono ake, nyumba idzaze phokoso." Muwamvetse. Iwo anakula okha. Amayi awo anabereka ana asanu ku Lungwena, anayi anawaika m'manda asanayambe sukulu. Ndinayesa kubwereza mawu a namwino aja, koma anangoseka mwachikondi. "Anamwino amaopseza aliyense, amake mwana. Ndi ntchito yawo. Moyo ali nawo ndi Mulungu."

Ndiye pa tsiku lokaonetsa chilonda, masabata asanu ndi limodzi atatha, ndinapinda mkono wa bulauzi. Namwino anafunsa ngati bambo akudziwa. Ndinati, "Ali ku Joni." Limenelo silinali yankho, tonse awiri tinadziwa, koma sanafunsenso. Anandiuza kuti ndigule kabuku kena ka kuchipatala kolembamo zimenezi, poti kabuku ka masiku onse kamagwiridwa ndi aliyense pakhomo. Kachiwirika ndinakaika mu emvulopu ya satifiketi yanga ya ku koleji. Emvulopu imeneyo palibe amaitsegula. Ngakhale olemba ntchito sanaitsegulepo.

Ndinadzilonjeza kuti akabwera ndidzawauza maso ndi maso. Anabwera mwana ali ndi miyezi inayi. Sindinawauze.

Anabwera ndi chikwama cha zipangizo zokonzera mafoni, n'kutsegula kabenchi ku msika wa pa Boma. Anabweranso ndi laputopu yakale yothyoka pakona, ndi kachipangizo kogwira m'manja kosewerera magemu, komwe iwo amati padi. M'laputopumo munali gemu ina yaitali, osati za mpira kapena za galimoto zija. Iyi inali ya nkhani. Anthu ake amalankhula, ndipo wosewera amasankha chowayankha. Vuto linali Chingerezi. Iwo sukulu analekezera Folomu 2, ndipo Chingerezi cha ku Joni ndi chogulira buledi ndi kukanganirana pa takisi, osati cha ziganizo zitalizitali zija. Tsiku lina Lamlungu masana anandiitana ndili pa madzi. "Amadamu a koleji, tabwerani. Satifiketi ija yapeza ntchito lero."

Ndinakhala womasulira wawo. Iwo agwire padi, ine ndiwerenge mawu apansi pa sikirini n'kuwanena m'Chichewa. Tinkasewera Lamlungu, nthawi zina Lachisanu akabwera ku swala, magetsi akakhalapo. Gemu imene ena amati amamaliza pa mwezi ife tinayenda nayo kupitirira chaka.

Nkhani yake inali ya nkhondo kutali m'mlengalenga. Zimakina zikuluzikulu zinkabwera kudzafafaniza chilichonse chokhala ndi magazi. Koma panalinso makina ena, opangidwa ndi anthu, amene anayamba kuganiza okha n'kusankha kukhala mbali ya anthu. M'gulu lathu munali kamakina kena kosamalira ovulala. Sikankamenya nkhondo. Kankangotsatira pambuyo ndi mabandeji, n'kumafunsa mafunso. Kanafunsapo chifukwa chimene anthu amaimbira nyimbo khanda loti silimva mawu. Pokamasulira ndinkakapatsa mawu aulemu kwambiri, a "pepani bwana" ndi "ngati n'kotheka", mpaka mwamuna wanga ankagwira m'mimba ndi kuseka. "Kameneka kanaleredwa bwino kuposa ana a pa msika onse," ankatero.

Kunena zoona, masana amenewo ndi amene ndinamukonda kwambiri munthuyu. Komabe ndinkakhala kumanzere kwawo nthawi zonse, kuti mkono umene angagwire akasangalala ukhale wamanja. Pogona chimodzimodzi. Chaka choyamba chinali chophweka, poti palibe amafuna mkazi wotumbiza, wotenga pakati mwana akadali kubere. Aliyense ankaona ngati tikungosunga mwambo. Koma mwana anayenda, anasiya bere, anayamba kutchula mayina a zinthu. Apongozi akabwera maso awo ankayamba kupereka moni pamimba panga asanafike pankhope.

Apongozi angawo ndi mmodzi mwa azimayi osambitsa maliro kumudzi kwawo. Ndi ntchito yaulemu, sapatsa aliyense. Mzimayi akamwalira, iwo ndi anzawo awiri amalowa kuseri kwa nsalu, n'kumusambitsa thupi lonse mwadongosolo lake asanamukulunge mu nsanda. Manja awo ndi ang'onoang'ono, ouma, koma zala zake zimamva chilichonse. Akagwira nsomba amakuuza ngati yagona.

Tsiku lina anatulukira pa njinga ya kabaza atanyamula usipa wouma m'kathumba. Anali akuchokera pa maliro a mtsikana wina wa msinkhu wanga, wa ana awiri. Anakhala pakhonde, ine ndikuchapa chapafupi, mwana wawo akukonza foni ya munthu pa mpando. Anafotokoza mmene mtsikanayo anadwalira masiku atatu okha. Kenaka anatsitsa mawu.

"Tikumusambitsa, ndafika pa mkono apa, chala changa chagunda kanthu. Ndinayesa munga wa nsomba. Ndadinanso. Kamtengo, apongozi. Ka kuchipatala kaja."

Ndinapitiriza kufikisa thewera lomwe linali litayera kale.

Anati azimayi anaima kusambitsa, anayamba kukangana chapansipansi. Wina amati akachotse, munthu asapite nako kwa Mwini wake. Wina amati ndani agwire lumo pa thupi la malemu. Mapeto ake anatuma mawu kwa a shehe, ndipo a shehe anayankha bwino ndithu. Anati wakufa sadulidwa, amuike momwe alili, za mumtima mwake adziwa ndi Mulungu, ndipo chimene chaoneka kuseri kwa nsalu chithere komweko. Koma mawu oti atumidwa kale amadutsa m'makutu angati? Jeneza lonyamulira maliro lisanafike kumanda nkhani inali itafika kale. Mwamuna wa malemuyo anaimva kwa amuna anzake, ali ndi dothi m'manja.

"Ine za mankhwala sindikana," anatero apongozi. "Dziko linasintha. Koma kumusiya mwamuna wako aime pamanda ngati chitsiru, mudzi wonse ukudziwa za m'nyumba mwake kupatula iye? Ayi. Ana inu mumaiwala kuti chimene wabisa ukuyenda, ife timachipeza uli chigonere."

Mwana wawo anangopukusa mutu, maso ali pa foni. "Zomvetsa chisoni," anatero. Apongozi anandipempha madzi akumwa, ndipo powapatsa anandigwira pa dzanja monga amachitira nthawi zonse. Padzanja pokha, kutali ndi malo aja. Koma kapu inagwa.

Kuyambira tsiku limenelo mantha anga anasintha. Kale ndinkaopa kufa pobereka. Tsopano ndinayamba kuopanso kusambitsidwa. Mutu ukangondiwawa pang'ono ndinkaganiza kuti ndikafa ndi malungo mawa, amene adzalowe kuseri kwa nsalu ndi iwowa, ndi zala zomwezi.

Gemu ija tinaifikitsa kumapeto m'nyengo yotentha, pamene malata a nyumba za ku Mangochi amalira okha masana. Titapha adani omaliza otitsekera njira, munthu wathu wa mu gemu anafika m'chipinda chokhala ndi makomo atatu, ndipo mawu ambiri anayamba kutsika pa sikirini. Ndinawauza aimitse kaye kuti ndiwerenge bwino.

Khomo loyamba linali lozimitsa makina onse oganiza, adani ndi abale omwe. Anthu apulumuka, koma makina amene anatithandiza afera limodzi ndi oipawo. Khomo lachiwiri, munthu wathuyo asiye thupi lake, nzeru zake zilowe m'makinamo, aziwalamula mpaka muyaya. Lachitatu linali losakaniza. Chamoyo chilichonse, chobadwa ndi chopangidwa, chisanduke mtundu umodzi, mnofu wokhala ndi mawaya, chitsulo chokhala ndi mtima, kuti pasadzakhalenso chifukwa chomenyanirana.

Lachiwirilo tinalitaya msanga. "Ameneyo ndi wandale," anatero mwamuna wanga. "Aliyense amati ndikalowa ineyo ndidzalamula bwino. Dumpha." Anatambasula miyendo. "Ndiye palibe chovuta apa. Tizimitse, tikadye."

"Ndi kathu komwe?"

"Kathu kati?"

"Ka mabandeji kaja. Kakutolani kangati inu mutagwa?"

"Amake mwana, imene ija ndi foni yokhala ndi miyendo. Ine mafoni ndimatsegula tsiku ndi tsiku. Batire ndimaipeza, fumbi ndimalipeza, tsiku lina ndinapezamo mphemvu. Mzimu sindinaupezemo."

"Munayamba mwatsegula munthu n'kuupeza?"

Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. "Astaghfirullah! Ndinawauza amayi kuti ndikukwatira wasukulu, ndi zimenezi. Ndiye iwe ukufuna lachitatuli? Mwana wathuyu adzuke mawa maso akuwala ngati tochi?"

"Adzuke wamoyo. Zinazo tidzazolowera."

"Munthu ndi munthu, chitsulo ndi chitsulo. Amene anazisiyanitsa sanali wopusa."

Pakamwa panakana kutseka. Ndinawakumbutsa za amalume awo amene anathyoka mwendo pa njinga yamoto, madokotala n'kuwaika chitsulo m'ntchafu. Kodi amalume anasiya kukhala munthu? Akamaswali, chitsulocho amachisiya pakhomo pa mzikiti limodzi ndi nsapato? Ndinawakumbutsa magalasi a a shehe. Iwo ankangoseka, akumati loya wafika. Kenaka ndinaloza mwana, amene anali pansi akuluma chivundikiro cha poto.

"Uyu masiku ake awiri oyamba anapumira makina. Inu kunalibe. Ine ndinagona ndikumvetsera kulira kwa makinawo, ndikupempha Mulungu kuti magetsi asathime. Ndiye musandiuze kuti chitsulo ndi chitsulo basi."

Kuseka kunatha. Anayang'ana mwana nthawi yaitali. Pomwepo kuitana kwa swala ya masana kunamveka ku mzikiti, ndipo anadzuka n'kusiya gemu itaima pa makomo atatu paja. Ndinatsala ndikuyang'ana sikirini. Ndinadziuza kuti akabwera atafewa, lero ndinena. Ndinakonza ngakhale chiganizo choyambira.

Anabwera atafewadi, koma ataganiza. Anavula chisoti, n'kukhala pansi pafupi nane.

"Wanena zoona za amalume ndi za mwanayu," anatero. "Chitsulo si vuto. Ndaganiza njira yonse. Koma amalume anafunsidwa. Dokotala anawafotokozera, iwo n'kudinda chala. Khomo lako lachitatuli silifunsa munthu. Munthu mmodzi waima yekha m'chipinda, akusankhira dziko lonse za matupi awo ndi za ana awo amene sanabadwe. Mwina akufuna zabwino, sindikukana. Koma wawabera."

"Wawabera chiyani, poti wawapulumutsa?"

"Wawabera kudziwa. Ukudziwa chimene chimandinyansa ine? Kudzuka m'mawa, kuseka, kupanga mapulani, kumauza anzako za mawa, chonsecho wina anakusankhira kalekale ndipo akungokuyang'ana. Ngati mwamuna wa ku maliro kuja."

"Nanga ngati akudziwa kuti akawafunsa akana, ndipo akakana wina afa?"

"Awafunsebe. Awauze kawiri, katatu, alire pamaso pawo. Akakana, afe akudziwa."

"Afe ndani? Wokanayo, kapena winayo?"

Sanamve funsolo bwino, kapena analimva ngati la mu gemu. Ndinafunsa lina, loti nanga khomo lawo loyambalo lawafunsa makina aja ngati akufuna kuzimitsidwa? Anavomera kuti silinawafunse. "Sindinati ndi loyera. Onse atatuwa ndi akuda. Koma otsalawo atsala momwe analengedwera, ndipo palibe wawanamiza." Kenaka anachita chinthu chimene sanachitepo chaka chonsecho. Anandiika padi m'manja. "Sankha iwe. Gemu yonseyi ndaimvera m'kamwa mwako. Ukalowa lachitatu sindikwiya, ndingokuseka mpaka ukalambe."

Chiganizo changa chija chinali chikadali pa lilime. Ndikanaika padi pansi, n'kutenga chala chawo, n'kuchidinikiza pa mkono wanga. Zikanatenga nthawi yochepa kuposa kuthira mchere m'ndiwo. M'malo mwake ndinaganiza kuti ndikasankha lachitatu, tsiku lina adzakumbuka n'kunena kuti anali atandiuza kale mtundu wa munthu amene ali. Ndinayendetsa munthu wathu kupita ku khomo loyamba.

Anationetsa zimakina zija zikugwa. Anationetsa anthu akukumbatirana. Kenaka anationetsa kamakina kathu kali pakati pomanga bala la msilikali. Kanaima, kanakhala pansi pang'onopang'ono, bandeji ili m'manja, kuwala kwa pankhope pake n'kuzilala. Panatsika mawu angapo.

"Akuti chiyani?" anafunsa.

"Palibe. Kakungotsanzika."

Anandimenya pa ntchafu mwachisangalalo. "Waona? Pakamwa timakangana, koma pansi pa mtima ndife amodzi." Ndinapita kukapala moto, utsi n'kundithandiza kufotokoza za maso.

Patapita masabata angapo ndinayamba kuwamva akusanza kuseri kwa bafa m'mawa asanapite ku msika. Ankati ndi m'mimba chabe. Anayamba kuonda. Tsiku lina anabwera masana dzuwa lili paliwombo, nthawi imene sabwera, n'kukhala pa sitepe osavula nsapato. M'chikwama cha zipangizo anatulutsa botolo la madzi akuda ngati tiyi wopitirira.

"Ndikuuze chinthu, usandiseke," anatero. Anati ku famu kuja ankapopera mankhwala opanda chovala kumaso, ndipo anzawo ankanena kuti mankhwala amenewo amapha mbewu ya mwamuna. Poyamba ankayesa nthabwala. Koma mwana wasiya bere kalekale, ndipo palibe chikuchitika. Ndiye kwa miyezi iwiri akhala akupalasa njinga kupita kwa munthu wina kupitirira Lungwena, wodziwa mizu. Ndi imene imawasanzitsa.

"Amayi akuti mwina vuto ndi iwe, mpeni uja unawononga. Ayamba kutchula za mwana wamkazi wa mnzawo wina, ati ndikamuone. Ndawauza kuti akusiye. Ndawauza kuti vuto ndi ine." Anayang'ana pansi. "Mwamuna kuuza amayi ake zimenezo, ukudziwa kulemera kwake? Koma sindingalole azikuloza chala pa mlandu woti si wako."

Inu owerenga, ngati panali ola loti ndinene, linali limenelo. Munthu anali atadzivula yekha pamaso panga. Koma ndinaona kuti ndikanena tsopano, sindikuulula za kamtengo kokha. Ndikuulula kuti m'mawa uliwonse ndinkamva akusanza ine n'kumapitiriza kusesa. Ndikuwauza kuti anadzichotsa ulemu kwa amayi awo pachabe. Ndinawagwira phewa, n'kumva pakamwa panga pakunena kuti, "Musadandaule, bambo ake. Mulungu adzatipatsa."

Mwa mabodza anga onse limenelo ndi limene limandinunkha kwambiri, chifukwa ndinalowetsamo dzina la Mulungu.

Sabata yotsatira ndinabereka mwana kumbuyo ngati ndikupita ku sikelo, kabuku kachiwiri kali m'kati mwa chitenje. Namwino amene ndinamupeza anali wina, wamng'ono, mwina tinali m'kalasi imodzi zaka zake. Anawerenga kabuku, n'kundiuza ndigone aone chipsera cha pamimba.

"Zaka ziwiri sizinakwane n'komwe, ndipo apa analemba zitatu. Mukudziwa chimene chinachitika m'mimba mwanumu?"

"Ndikudziwa."

"Akukuvutitsani kunyumba? Akukumenyani?"

"Ayi. Ndi munthu wabwino."

"Ndiye bwerani nawo. Ndiwakhazike apa, ndiwafotokozere ine. Amuna ambiri akamva kwa ife amamva."

Ndinaganiza za mwamuna wanga atakhala pa benchi limenelo, mtsikana wachilendo akumuuza za m'nyumba mwake, tsiku limene kanalowa lili lolembedwa m'kabuku ndi inki. Ndinati, "Chotsani."

Anapumira m'mwamba. "Thupi ndi lanu, mayi, sindingakukanizeni. Koma ndilemba kuti ndakuuzani." Anabaya jakisoni wochititsa dzanzi, anacheka pang'ono, anakoka ndi kachitsulo. Sizinatenge nthawi. Anandionetsa m'kambale: kanthu koyera, kopindika pang'ono, kokhala ndi magazi anga. Kunyumba ndinati ndakodwa ndi waya wa pa mpanda. Mwamuna wanga anapita kukapinda waya yense wotulukira pa mpandapo ndi pulayala, kuti angabaye mwana.

Pano ndili ndi pakati pa miyezi inayi.

Pakhomo pano pali chimwemwe chimene sindinachionepo. Mizu anasiya kumwa, thupi labwerera. Anapititsa nkhuku kwa munthu wa mizu uja, ndipo akumatumiza anzawo a pa msika komweko. Apongozi anabwera ndi kampango wamkulu wowamba, anandiletsa kutunga madzi, za mwana wa mnzawo uja sakuzitchulanso. Amandiitana kuti mwana wanga. Mu laputopu muli gemu ya mpira tsopano, yosafuna womasulira, ndiye Lamlungu ndimangokhala pambali n'kumasoka.

Ku sikelo ya amayi oyembekezera analemba pachikuto cha kabuku kanga ndi cholembera chofiira. Anati mwezi wachisanu ndi chitatu ukangoyamba ndikakhale ku chidikiro cha pa chipatala, ndisayerekeze kudikira matenda kunyumba, ndipo ndikapitanso ku mpeni. Anati ndikamva kupweteka pa chipsera, kapena kuona kadontho ka magazi, ndisadikire kuti kuche kapena kuti bambo abwere ku msika. Zimenezi ndinawauza bambo ake, poti n'zolembedwa poyera. Anati, "Inshaallah zonse zikhala bwino. Anamwino amaopseza aliyense." Ndipo anandisisita pamimba.

Ine chipsera chikangokoka pang'ono ndimaima pomwe ndili, kaya ndi pa msika kaya ndi pa mjigo, n'kumamvetsera m'kati mwanga. Ndimayang'ana mwana wanga wamkazi akuthamangitsa nkhuku za aneba, n'kumadzifunsa kuti mwana wa zaka ziwiri ndi theka amakumbuka chiyani za mayi ake. Mawu? Fungo la chitenje? Kapena palibe? Ndayamba kumujambula pa foni tili limodzi, ine amene sindinkakonda zithunzi. Ndayamba kuwaphunzitsa bambo ake kumuluka tsitsi, mwanthabwala, iwo n'kumaseka kuti zala zawo ndi za masikuluu.

Nthawi zina ndimadziuza kuti ndinapulumutsa banja langa, ndi ulemu wa munthu amene anadzipaka mlandu kuti anditeteze. Nthawi zina ndimaona kuti ndinangoopa kukambirana kwa ola limodzi, n'kupereka moyo wanga ndi wa ana awiri kuti ndikuthawe. Iwo anati munthu azifunsidwa, afe akudziwa. Ine sindinawafunse poika, sindinawafunse pochotsa, ndipo ngozi imene tilimoyi sakudziwa kuti ndinaisankha ndili maso, namwino akundiletsa. Mwina akanamva zonse akanakwiya mwezi umodzi n'kunena kuti kasiye, tidikire. Mwinanso akanandiperekeza ku Namwera ndi chikwama changa. Sindinawapatse mpata woti andionetse kuti ndi munthu uti mwa awiriwa.

Kwatsala miyezi inayi kuti ndinyamule beseni ndi zitenje kupita ku chidikiro. Anzanga sindingawafunse, pakamwa pawo ndimapadziwa. Amayi anga angangolira. Ndiye ndikufunsa inu amene simundidziwa, amene simudzakumana ndi mwamuna wanga pa msika. Musandinyengerere chifukwa ndine woyembekezera. Pochotsa kamtengo kaja m'malo mowauza zoona, kodi ndinachita bwino?